Ndinadula mitengo ya kukhwawa mu Julaye, lero yaphukira kuposa kale: ndinalakwitsa pati?

Mlimi wa ku Thyolo analemba kuti:

Ndikupereka moni kwa nonse, abale ndi alongo amene muli kuno ku Johannesburg. Ndagwira ntchito yosamalira maluwa kwa zaka 6 pa nyumba ina kumpoto kwa mzinda uno, ndipo kuseri kwa nyumbayo malo amatsetsereka mpaka kukafika pa kakhwawa kamene madzi ake amakathira mu mtsinje wa Braamfontein Spruit. Pamalo otsetserekawo pali kankhalango kamene kwa zaka zambiri palibe ankakalabadira, popeza ntchito yanga inali ya kapinga, maluwa ndi dziwe losambiramo basi. Mu Julaye chaka chino abwana anandiuza kuti ndichotse mitengo yachilendo m'kankhalangomo, atamva kwa oyandikana nawo kuti lamulo la dziko lino limafuna zimenezo. Ndinatenga chikwanje ndi sowo, ndinagwira ntchito milungu itatu, ndipo pomaliza malowo anayera moti munthu ali pakhonde ankatha kuona madzi a m'khwawa.

Mvula itayamba mu Okutobala zinthu zinatembenuka. Chitsa chilichonse chatulutsa mphukira zisanu kapena kuposerapo, ndipo pansi ponse pamene dzuwa linayamba kufikapo pamera timitengo tothithikana ngati nazale ya fodya. Abwana sanandikalipire, koma nkhope yawo ikuonetsa kuti akukayikira ngati ndinagwiradi ntchito.

Zomera zimene zandivuta kwambiri ndi zitatu. Choyamba ndi mtengo wofewa wa masamba aakulu aubweya, wa maluwa ofiirira okhala ndi chikasu pakati monga a nthula, ndipo zipatso zake zimakhala m'magulu n'kupsa zachikasu. Pamene ndinkaudula thupi linkayabwa, ndipo ndinatsokomola sabata yathunthu. Chachiwiri ndi mtengo wa masamba ang'onoang'ono onga a mthethe koma wopanda minga. Chachitatu ndi chilambe cha maluwa achikasu chimene chimakwera mitengo pogwira ndi tizikhadabo titatu, ndipo chaphimba kale mitengo iwiri ikuluikulu.

Ndikupempha amene akudziwa andiuze mayina a zomerazi ndi njira yoziphera kuti zisabwerenso. Ndilinso ndi funso lina limene sindingawafunse abwana. Kwathu amayi amayenda mtunda wautali kufuna nkhuni, ndipo mtengo wokula msanga timautenga ngati chuma. Kodi pali chifukwa chenicheni chophera mitengo imene ikudzimerera yokha, kapena ndi malamulo chabe a anthu amene sanasowepo nkhuni?

Angozo a ku Dedza anayankha kuti:

Achimwene, pepani ndi thukuta limene mudakhetsa, koma dziwani kuti pafupifupi aliyense amayamba ntchito imeneyi mwa njira yomweyo. Ine ndidaphunzira za nkhalango ku Chongoni, ndidagwirako ntchito pa phiri la Mulanje, ndipo kuno ndili m'gulu limene limalembedwa ntchito yochotsa zomera zotere m'mapuloti ndi m'mphepete mwa mitsinje. Mwafotokoza bwino moti zonse zitatu ndazizindikira, komabe ndikupatsani zizindikiro zoti mukatsimikize nokha musanagwirenso chikwanje.

Mtengo waubweyawo kuno amautcha bugweed, ndipo akatswiri amati Solanum mauritianum. Udachokera ku South America, ndipo simudalakwe poufanizira ndi nthula, chifukwa ndi wa banja limodzi ndi nthula, mabilinganya ndi tomato. Kayang'aneni pamene phesi la tsamba lalumikizana ndi nthambi, mudzapeza timasamba tiwiri tating'ono tonga timakutu, ndipo mukafikisa tsambalo m'manja limanunkha ngati parafini. Mbalame zimadya zipatso zachikasuzo n'kukataya njere pansi pa mitengo imene zimaterapo, ndipo njerezo zimadikira m'nthaka mpaka dzuwa liziwombe. Pamene mudayeretsa malo onse nthawi imodzi, mudazitsegulira khomo.

Wachiwiriwo ndi umodzi mwa mitengo ya wattle yochokera ku Australia. Ngati masamba ake ndi obiriwira moderako ndipo maluwa ake otumbuluka amatuluka cha mu Ogasiti ndi Seputembala, umenewo ndi black wattle, umene udabweretsedwa m'dziko lino m'zaka za m'ma 1800 ndipo makungwa ake amafufutira zikopa. Ngati masamba ndi otuwa ngati awazidwa phulusa ndipo maluwa achikasu chowala amatuluka kudakali kozizira, ndiye kuti ndi silver wattle, umene ndi wouma mutu kwambiri chifukwa umaphukiranso kuchokera ku mizu patali ndi chitsa. Kusowa kwa minga kumene mwatchula ndiye chizindikiro chachikulu, popeza abale ake a kuno, monga sweet thorn ndi hook-thorn, ali ndi minga monga momwe mthethe ndi nsangu zilili kwathu. Njere za wattle ndi zolimba ndipo zimatha kugona m'nthaka kwa zaka makumi angapo, koma moto ukadutsapo zimadzuka zonse pamodzi. Chifukwa chake musayerekeze kutentha malowo monga timachitira ndi mphanje kumudzi.

Chilambecho ndi cat's claw creeper, ndipo mphamvu yake ili pansi. Mizu yake imakhala ndi timbatata tambiri, ndipo kalikonse kamene katsala m'nthaka kamatulutsa chilambe chatsopano.

Tsopano za ntchito yeniyeni. Timitengo tamerato tizuleni ndi manja panopa, nthaka ikadali yonyowa, makamaka m'mawa wotsatira mvula, ndipo muzionetsetsa kuti muzu watuluka wonse. Kuwongola mtengo m'poyamba, ndipo kamene lero mukazula ndi zala ziwiri chaka chamawa kadzafuna nkhwangwa. Zitsa zimene zaphukira muzidulenso pafupi ndi nthaka, osapitirira masentimita 10, ndipo pamwamba pake pakhale pathyathyathya kuti mankhwala asatsetsereke. Pakani mankhwala opha mitengo nthawi yomweyo, pasanathe mphindi zochepa, makamaka m'mphepete mwa chitsa pamene khungwa lakumana ndi thupi la mtengo, chifukwa pamenepo ndi pamene pamadutsa chakudya chopita ku mizu. Mukadula zitsa makumi awiri kenako n'kubwerera kukapaka, zoyambirira zija zimakhala zitauma pamwamba ndipo mankhwala salowa. N'chifukwa chake ntchitoyi imafuna anthu awiri, wina wodula ndi wina wopaka akutsata pambuyo. Mankhwala amene timagwiritsa ntchito kawirikawiri amakhala ndi triclopyr, picloram kapena imazapyr, koma pa botolo pamalembedwa mitengo imene mankhwalawo adalembetsedwera ndi mlingo wake, ndipo zolembedwazo ndizo muzitsata osati mawu anga. Timathiramo utoto kuti tiziona chitsa chimene chapakidwa.

Ngati patsala black wattle wamkulu amene simudamugwetse, simukufunikira kumugwetsa. Sendani khungwa lonse kuzungulira thunthu kuyambira cha m'chiuno mwanu kutsika mpaka kulowa pang'ono m'nthaka, monga timasendera luzi, osasiyako kachingwe ngakhale kamodzi. Mtengowo umafa uli chiimire, mthunzi umachepa pang'onopang'ono, ndipo njere za pansi sizidzuka zonse tsiku limodzi. Njira imeneyi si yoyenera pa mtengo umene ungadzagwere mpanda kapena nyumba. Chilambe chija chiduleni pansi n'kupaka mbali yotsala ku mizu, koma musachikoke kumtunda chifukwa mudzathyola nthambi za mtengo umene mukufuna kupulumutsa. Chidzauma chokha. Kenako kumbani timbatata.

Poyambira pakhale pamene zomerazi zili zochepa n'kumalowera pamene zathithikana, ndiponso kumtunda kwa khwawa n'kumatsika, chifukwa madzi amanyamula njere. Muwafotokozere abwana mwaulemu kuti ntchito ya Julaye inali gawo loyamba chabe. Chaka choyamba mudzafunika kubwererako miyezi iwiri kapena itatu iliyonse m'dzinja, ndipo pambuyo pake chaka ndi chaka kwa zaka zingapo.

Nachisale anayankha kuti:

Bambo, ine ndimagwira ntchito pa nazale yogulitsa mitengo ndi maluwa, ndipo ndikufuna kuwonjezera pa zimene Angozo afotokoza, poyamba za lamulo limene abwana anu anamva. Lamuloli ndi la m'chaka cha 2004 limene anthu amalitchula mwachidule kuti NEMBA, ndipo mndandanda wa zamoyo zolowerera pansi pa lamuloli unatuluka mu 2014 n'kukonzedwanso mu 2020. Zomera zinaikidwa m'magulu. Za gulu 1a ziyenera kuthetsedwa zikangopezeka. Za gulu 1b, momwe muli bugweed, chilambe chanucho ndi lantana, mwini malo ayenera kulimbana nazo ndipo saloledwa kuzibzala kapena kuzigulitsa. Za gulu 2 zimalimidwa ndi chilolezo pamalo odziwika, ndipo black wattle ali m'menemu chifukwa pali makampani amene amamulima, koma akamera kunja kwa malo ololedwawo amatengedwa ngati wa gulu 1b. Za gulu 3 zikhoza kutsala pamene zili koma osabzala zina, kupatula m'mphepete mwa mitsinje momwe nazonso ziyenera kuchotsedwa. Udindo umenewu ndi wa mwini malo, si wanu, choncho mankhwala ndi zodzitetezera ayenera kugula ndi abwana.

Chifuwa chimene munadwala chinachokera ku ubweya wa bugweed, umene umauluka ngati fumbi mtengowo ukamadulidwa. Valani chotchinga pamphuno ndi pakamwa, magalasi, magolovesi ndi malaya a manja aatali, ndipo ngati n'kotheka dulani masamba ali onyowa. Zipatso zake zosapsa ndi poizoni, choncho ana asasewere nazo. Za mankhwala ndikupemphani chinthu chimodzi chimene ndimapempha kasitomala aliyense: musawathire m'botolo la zakumwa, ngakhale mutati ndi kwa tsiku limodzi lokha, ndipo musatsukire ziwiya zake m'khwawa. Pafupi ndi madzi kupaka pachitsa n'kwabwino kuposa kupopera.

Chimene chandidetsa nkhawa m'kalata yanu ndi mawu akuti malowo anayera. Si mtengo uliwonse waubweya umene uli bugweed. M'zitunda za mzinda uno, monga ku Melville Koppies, mumamera mzilu womwe uja timadya kwathu, ndipo masamba ake nawonso ndi aubweya. Kusiyana kwake n'kwakuti masamba a mzilu amakhala awiriawiri moyang'anizana pa nthambi, pamene a bugweed amasinthanasinthana. Ndinaonapo munda wina umene anyamata olembedwa ganyu anadula mizilu yakalekale pamodzi ndi bugweed, ndipo mwini wake anabwera kwa ife kudzafuna mbande zolowa m'malo mwake, osadziwa kuti mzilu umakula mochedwa kwambiri. Musanapake mankhwala pa chitsa chilichonse, yang'anani masamba a mphukira zake. Chimene simukuchidziwa chisiyeni, chijambuleni pa foni, mufunse.

Mitengo imene munagwetsa musaitumize kwa anzanu a kumalo ena ngati nkhuni musanaiyang'ane bwino. Mu 2017 ku Pietermaritzburg kunapezeka kachilombo kakang'ono koboola mitengo kotchedwa polyphagous shot hole borer, kamene kapha mitengo yambiri m'misewu ya Johannesburg, ndipo kamaswana mu black wattle ndi mu nsatsi. Mukaona timabowo tonga toboola ndi nsonga ya cholembera, nkhunizo zisachoke pamalopo.

Pomaliza, nthaka yosavala imaitana zomera zomwezo. Kumene mwazula bzalaniko mitengo ya kuno yokonda m'makwawa, monga white stinkwood, river bushwillow, wild olive ndi karee, ndipo nyengo yabwino ndi ino ya mvula.

Abanda a ku Kasungu anayankha kuti:

Ndawerenga mayankho onse awiri ndipo ndaphunzirapo zambiri, koma funso lomaliza la achimwene a ku Thyolo palibe amene waligwira, pamene kwa ine ndilo funso lalikulu. Mzinda uno unayamba mu 1886 pa dambo la udzu, ndipo mitengo yambiri imene anthu amanyadira lero inachita kubwera. Kumene lero kuli dera la Saxonwold mumzinda muno kunali munda wa mitengo umene unabzalidwa kuti migodi ipeze mizati, ndipo agogo athu amene anabwera pa Wenela ankagwira ntchito pansi pa nthaka mochirikizidwa ndi bulugamu wa ku Australia. Nthawi imeneyo mlendo anali wabwino chifukwa anali ndi ntchito. Lero akuti achoke.

Chimene chimandidabwitsa kwambiri ndi jacaranda. Nayenso anachokera ku South America monga bugweed, ndipo ali pa mndandanda, koma m'matauni a chigawo chino cha Gauteng anamukhululukira, ndipo mwezi wa Okutobala anthu amajambulitsa zithunzi pansi pake. Kodi kumeneku si kukondera wokongola? Ndivomerenso kuti mawu akuti alien, kutanthauza mlendo, amene amalembedwa pa zikwangwani za ntchito imeneyi sandikhalira bwino m'khutu, pa chifukwa chimene aliyense wa ife amene amafunsidwa mapepala pamsewu akuchidziwa. Sindikunena kuti achimwene akane ntchito imene apatsidwa. Ndikungofuna wina anditsimikizire kuti pali chimene chimawonongeka mitengo imeneyi ikasiyidwa, chifukwa kwa munthu wochokera kumene mapiri anameteka, mtengo uliwonse wobiriwira ndi wabwino kuposa chitsa.

Angozo a ku Dedza anayankhanso kuti:

Abanda, funso lanu ndi lolemera, ndipo inenso ndidali ndi maganizo omwewo ndisanakwere phiri la Mulanje. Kumeneko m'nthawi ya atsamunda kudabzalidwa paini wochokera ku Mexico, wotchedwa Pinus patula, ndi cholinga chabwino. Painiyo adadumpha malire a minda yake n'kufalikira m'madambo a pamwamba pa phiri ndi m'malo a mkungudza, mtengo wa fuko lathu umene sumera mwachilengedwe kwina kulikonse padziko lapansi. Mukalowa pansi pa paini wothithikana mumapeza masamba ake ouma okhaokha, popanda udzu kapena mbande ya mtengo wina. Kuchokera patali pamaoneka pobiriwira, koma m'katimo mwatsala mtundu umodzi wokha. Titadula, timapaini tidameranso ngati mpunga, ndipo m'pamene ndidaphunzira zimene ndawauza achimwenewa.

Chitsanzo china mukuchidziwa ndi namasupuni wa mu Shire, amene nayenso adachokera ku South America ndipo wakhala akutseka makina opangira magetsi ku Nkula ndi ku Tedzani. Namasupuni yemweyo mukamupeza ataphimba damu la Hartbeespoort, kumene madzi a khwawa la achimwenewa amakathera atadutsa m'mitsinje ya Jukskei ndi Crocodile. Wattle ndi bulugamu zikadzaza m'mphepete mwa mtsinje zimamwa madzi chaka chonse, ngakhale m'miyezi yozizira pamene udzu wa kuno umakhala utauma ndipo sumwa kanthu. Ichi ndicho chifukwa chake boma la Nelson Mandela lidayambitsa ntchito yochotsa zomera zotere yotchedwa Working for Water mu 1995, nduna ya zamadzi ali Kader Asmal, ndipo dzinalo likuonetsa kuti nkhani idayambira pa madzi.

Pa za jacaranda ndikugwirizana nanu pang'ono, chifukwa chikondi cha anthu pa mtengowu chidathandizadi kuti ukhululukidwe m'matauni, ngakhale kuti kunja kwa tauni m'zigawo zingapo uyenera kuchotsedwa. Koma mndandandawu suweruza chomera chifukwa cha kumene chidachokera. Chimanga ndi chinangwa zidachokera ku America, ndipo palibe amene akuzithamangitsa, chifukwa zimakhala m'munda momwe zabzalidwa. Zimene zikuchotsedwa ndi zija zimene zidasiya kwawo tizilombo ndi matenda amene ankazichepetsa, n'kuyamba kulanda malo a zinzake. N'chifukwa chake akatswiri amakatenga tizilomboto kwawo kwa chomeracho, n'kutiyesa kwa zaka kuti tisadye mbewu zina, asanatimasule, monga adachitira mu 1999 ndi kachilombo koyamwa masamba a bugweed. Ndipo nkhuni sizitayika, popeza wattle wouma amayaka bwino ndipo ndi wochuluka m'matumba a nkhuni amene amagulitsidwa m'misewu muno.

Mlimi wa ku Thyolo analembanso kuti:

Zikomo kwambiri Angozo, mayi Nachisale ndi Abanda. Dzulo mvula itakata ndinatsikira kukhwawa ndi foni m'manja. Timakutu tija ndatipeza, ndipo fungo la parafini lilipodi. Wattle wa m'mphepete mwa madzi ndi wa masamba otuwa, ndipo ndaona mphukira zake zitandandalika mzere kutsata muzu, patali ndi chitsa, monga momwe Angozo ananenera. Ndiulule kuti mayi Nachisale analosera zoona, chifukwa pakati pa zitsa zanga ndapeza chimodzi cha masamba oyang'anizana, ndipo nditachiyang'anitsitsa ndinachita manyazi kuti mwana wa ku Thyolo ndinadula mzilu osauzindikira. Mwamwayi nawonso waphukira, ndipo ndauzunguliza ndi miyala kuti mankhwala asaufike.

Abwana ndawaonetsa mayankho anu nditawamasulira, ndipo avomera kugula mankhwala, magolovesi ndi chotchinga pamphuno, komanso kulemba mphwanga Loweruka lililonse kuti azipaka ine ndikudula. Abanda, funso lathu lija silinathe mumtima mwanga, koma ndaona kuti pansi pa chilambe chija panalibe chomera china chilichonse, ndipo umodzi mwa mitengo iwiri imene chinaphimba wauma kale mbali imodzi. Pansi pa mtengo umenewo pokha ndakumba timbatata todzaza ndowa ya malita 20, ndipo sindinafike ndi theka lomwe. Pakadali pano ndatiika m'matumba akuda apulasitiki pa simenti kuti tipse ndi dzuwa, chifukwa ndikuopa kuti ndikatitaya pa mulu wa manyowa timeranso. Angozo, kodi titenge masiku angati m'matumbamo ndisanatitaye?